Galimoto yodziwa mwini wake

Eni magalimoto akale kuno ku Neno tili ndi mawu amene timawanena monyadira: "Galimoto iyi imadziwa mwini wake." Timatero mlendo akalephera kutsegula chitseko chofunika kuchinyamula kaye pang'ono, kapena akapotokola kiyi injini n'kungoti zii chifukwa sakudziwa kawaya kofunika kukagwedeza. Zambiri mwa zimenezi sizipha munthu. Galasi losatsika, hutala yolira pamene yafunira, geji ya mafuta yonama, zonsezi ukazizolowera umayenda nazo zaka ndi zaka. Koma pali chimodzi chimene ndimakana kuti chilowe m'gulu limeneli, ndicho giya yogwedera. Galimoto imene magiya ake amapezeka ndi dzanja la munthu mmodzi yekha si yoti n'kunyadira nayo, makamaka m'boma lamapiri ngati lathuli.

Yanga ndi saluni yaing'ono ya m'zaka za m'ma 1990, yokoka ndi mawilo akutsogolo, ya magiya asanu. Anabwera nayo amalume pochoka ku Joni, kudzera ku Zimbabwe ndi ku Tete mpaka pachipata cha Mwanza, ndipo iwo atatisiya banja linagwirizana kuti ikhale m'manja mwanga. Injini yake ilibe chodandaulitsa mpaka lero. Chimene chinayamba kusintha ndi ndodo ya giya, ndipo sinakhwepe tsiku limodzi. Poyamba inkangonjenjemera tikamadutsa pamiyala. Kenako ndinaona kuti giya ili m'kati ndithu, galimoto ikuyenda, koma ndodo ikupita uku ndi uku ngati ili pa fuli. Madalaivala amati ikafika pamenepo imakhala ngati mthiko mumphika wa phala, ndipo sanama, chifukwa umaizunguza mbali zonse osamva pamene yagunda.

Dzanja la munthu ndi lochenjera, ndipo pankhani iyi kuchenjera kwakeko ndi kumene kumabisa vuto. Ndodo ikakhwepa pang'ono mwezi uno, dzanja nalo limawonjezera pang'ono mwezi womwewo, mwini wake osazindikira n'komwe. Kuti giya wani ilowe, ndodo inkafunika kuikankhira kumanzere mpaka kukhudza bondo la amene wakhala pambali, kuibweza pang'ono, kenako kuiponya kutsogolo. Rivesi inkafuna kuikokera kwa ine ndi mphamvu ndisanaigwetse kumbuyo. Dzanja langa linkachita zonsezi ine ndikucheza ndi anthu, maso ali pamsewu.

Vutoli linaonekera poyera tsiku limene kunagwa maliro cha ku Ligowe. Ine sindikanatha kuchoka chifukwa kusukulu kumene ndimaphunzitsa kunali mayeso, choncho m'mawa ndisananyamuke ndinapereka kiyi kwa mwana wa mlongo wanga kuti aperekeze azimayi okagona kusiwa. Mnyamatayu si wophunzira kumene, amayendetsa lole ku Blantyre. Anakhala pampando, n'kuponda kilachi, dzanja lake n'kumafufuza. Galimoto inadzuka monjenjemera, injini n'kuzima. Atayesanso panamveka fungo la kilachi yopsa, chifukwa imene iye ankayesa giya wani inali giya fili.

"Amalume, giya wani ili pati?"

Ndinaika dzanja langa pamwamba pa lake n'kumuonetsa njira yake. Anayesa yekha mpaka anaipeza, koma anazimitsa injini, n'kutuluka, n'kundibwezera kiyi ndi manja awiri.

"Pepani amalume. Pamalo osalala ndikhoza kuyenda nayo. Koma kutsika mtsetse nditanyamula azimayi, giya yake yochita kusakasaka, ayi ndithu."

Azimayiwo anapita pa pikapu ya mnansi wathu. Mnyamatayo ananena zoona, ndipo anakhudza chinthu chimene aliyense wokhala kuno amachidziwa ngakhale sitichinena kawirikawiri. Galimoto ya munthu wa ku Neno si yake yekha. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'boma muno muli anthu opitirira 138,000, ndipo magalimoto a anthu wamba pa Boma pano tingawawerenge ndi eni ake omwe. Chichokereni 2007, pamene a Abwenzi Pa Za Umoyo anabwera kudzagwira ntchito limodzi ndi Unduna wa Zaumoyo, zambiri zasintha. Tili ndi chipatala chachikulu pa Boma, china ku Lisungwi, ndiponso zipatala zazing'ono ku Dambe, ku Nsambe, ku Matandani ndi madera ena. Koma ambulansi singakhale pakhomo lililonse. Amene ali ndi galimoto amagogoderedwa pakati pa usiku: mayi wayamba kumva kupweteka, mwana wakomoka ndi malungo, gogo akubanika. Nanga mwini galimotoyo atachokapo? Nanga wodwalayo atakhala iye mwini? Kiyi imapita kwa aliyense amene ali ndi laisensi, ndipo munthu ameneyo alibe nthawi yophunzira makhalidwe a ndodo ya giya mumdima, wodwala akubuula kumbuyo.

Chachiwiri chimene mnyamatayo anakhudza ndi dziko lathu lenilenili. Neno linakhala boma palokha mu 2003 litagawidwa kuchoka ku Mwanza, ndipo kwa zaka zambiri wobwera pa Boma ankasiya phula pamsewu wa M6, uja wochoka ku Zalewa kulowera ku Mwanza, n'kuyamba kukwera pafumbi ndi miyala. Msewu wa Tsangano–Neno–Mwanza, umene ntchito yake inaperekedwa kwa asilikali a Malawi Defence Force, tonse timaufuna ndi mtima wonse. Koma phula ngakhale litafika paliponse silidzasalaza mapiri a Kirk Range. Wochokera ku Dambe ndi matumba a mbatatesi adzatsikabe kuti afike pa Boma, ndipo wochoka pa Boma adzatsikabe kuti akafike kuchigwa cha Lisungwi ndi Shire.

Pamtsetse wautali giya ndiyo buleki yeniyeni. Ukaika giya thu, injini imaigwira galimoto kuti isathamange, phazi n'kumangothandizirako apo ndi apo. Ukadalira mabuleki okha, mapadi amatentha mpaka kusiya kuluma, ndipo mafuta a buleki akawira phazi limangomira pansi popanda chogwira. Tsono mphindi yoopsa kwambiri pamtsetse ndi ija imene wachotsa giya fili koma giya thu sinalowe. Pagalimoto yabwino mphindi imeneyi ndi kuphethira kwa diso. Pa ya ndodo yogwedera imatalika, chifukwa dzanja likufufuza, kilachi ili pansi, galimoto ikuwonjezera liwiro, ndipo liwiro likakula giya thu imayamba kukana zenizeni. Apa n'pamene ndimadandaula ndi madalaivala ena amene, pofuna kupulumutsa mafuta odulawa, amatsika mapiri ali pa fuli dala. Timafuta timene amapulumutsato sitikwana kugula ngakhale bandeji.

Nditayamba kufunsa kwa anzanga, pafupifupi onse anandiyankha mofanana: "Giyabokosi yatha imeneyo, kagule ina ku Ndirande." Amanena mwachikondi, koma mawu amenewa aimika magalimoto ambiri. Giyabokosi ndi katundu wodula ngakhale ikhale yophwasula kugalimoto ina, ndipo kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya masipeyala inafika poti munthu wolandira malipiro a m'boma amangomva n'kubwerera. Akamva kuti vuto ndi giyabokosi amaikhazika galimoto pamiyala kuseri kwa nyumba kudikira chaka chabwino, matayala n'kuphwa, makoswe n'kudya mawaya. Ndikamadutsa pamagalimoto otere ndimadzifunsa kuti ndi angati mwa iwo amene anaimikidwa popanda wina kugwada pansi n'kuyang'ana.

Amakaniko amene ndinapitako ndi bambo wachikulire, wa imvi, wogwirira ntchito pashedi ya malata chakuseri kwa msika. Alibe dzenje lolowera kunsi kwa galimoto. Ali ndi bokosi la masipanala, jeke, zipika za mtengo wolimba, ndi mnyamata mmodzi wophunzira ntchito.

"Bambo, akuti giyabokosi yatha," ndinatero titalonjerana.

"Akutero ndani, aphunzitsi? Anaitsegula?"

"Ayi, sanaitsegule."

"Ndiye khalani kaye pansi mundiuze mmene imachitira."

Anandifunsa ngati dokotala. Kodi ikamayenda pamamveka kulira kwa fiii kumene kumakula ndi liwiro? Kodi imakukuta polowetsa giya, ndipo ndi giya zonse kapena imodzi? Kodi giya imathawa yokha, ndipo imathawa ndikaponda moto kapena ndikausiya? Ndinayankha kuti kulira kulibe, kukukuta kumachitika pa giya thu yokha, ndipo giya thu yomweyo nthawi zina imadumpha ndikasiya moto pamtsetse wa miyala. Anagwedeza mutu, n'kulowa m'galimoto, koma injini sanailize. Anaponda kilachi n'kuyendetsa ndodo m'magiya onse, kenako anaisiya pa giya fili n'kumaigwedeza ndi zala ziwiri, akuyang'ana kutali.

Zimene ankachitazo anandifotokozera pambuyo pake, ndipo ndi nzeru yoti dalaivala aliyense akhale nayo. Injini ikakhala yozima, m'giyabokosi mulibe chikuzungulira. Ngati magiya akulowa bwinobwino injini ili yozima koma onse akukukuta ikalira, makamaka wani ndi rivesi, wolakwa ndi kilachi imene sikulekanitsa bwino injini ndi giyabokosi. Ngati ikukukuta ndi giya imodzi yokha, ndiponso ukailowetsa mofulumira, ndiye kuti yatha ndi sinkiro ya giya imeneyo, kamkombero kaja kamene kamafananitsa liwiro la mano asanalumane. Koma ngati injini ili yozima, giya yalowa, ndodo n'kumagwederabe mtunda wa chikhatho chathunthu, vuto silili m'kati mwa giyabokosi. Lili panjira yochokera padzanja kukafika kumeneko.

Njira imeneyi imasiyana malinga ndi mtundu wa galimoto. Pa Hilux kapena Land Cruiser giyabokosi ili kunsi kwa ndodo kwenikweni, ndodoyo imalowa mwachindunji, ndipo ikakhwepa kawirikawiri chatha ndi kampando kake ka pulasitiki ndi kachipewa ka kunsonga, zimene zimasinthidwa munthu ali m'kati mwa galimoto. Akuluakulu akukumbukira Peugeot 404 imene giya yake inali pachiwongolero, yodzaza ndi timikono ndi timfundo. Magalimoto okoka ndi mawilo akutsogolo ali ndi giyabokosi pambali pa injini, kutali ndi dalaivala, choncho pamafunika cholumikiza. Corolla ya m'zaka za m'ma 1990 imagwiritsa ntchito makebulo awiri. Nissan Sunny, Mazda 323 ndi Citi Golf, ija inkapangidwa ku Uitenhage kuyambira 1984 mpaka 2009 ndipo ambiri obwerera ku Joni amaidziwa, zimagwiritsa ntchito zitsulo zazitali zodutsa kunsi. Yanga ndi ya zitsulo. Mulimonsemo ntchito ndi imodzi: kupita kumanzere kapena kumanja kwa ndodo kumasankha mzere wa magiya, kupita kutsogolo kapena kumbuyo kumakankha foloko ya m'kati kuti giya ilumane. Zoyenda ziwirizi ziyenera kukafika kugiyabokosi zosasokonekera.

Anaika miyala kumatayala akumbuyo, n'kukweza kutsogolo ndi jeke. Mnyamata uja atafuna kulowa pansi nthawi yomweyo, bamboyo anamugwira mwendo.

"Iwe, ndinakuuza chiyani? Jeke ndi yonyamulira, si yogona pansi pake. Bweretsa zipika."

Galimoto itakhazikika pazipika, anauza mnyamatayo kuti akwere mosamala n'kumagwedeza ndodo. Iwo anayala katoni pansi n'kundikodola.

"Bwerani muone nokha, aphunzitsi, kuti ndalama yanu muzidziwa kumene ikupita."

Ndinagona chagada pambali pawo. Pamwamba pathu, pafupi ndi ekizozi, panali zitsulo ziwiri zazitali zoyenda limodzi kuchokera kunsi kwa ndodo kulowera kutsogolo. Chimodzi sichisuntha, ntchito yake ndi kugwirizira tsinde la ndodo kugiyabokosi kuti injini ikamagwedezeka ziziyendera pamodzi. Chinacho ndicho chonyamula uthenga. Mnyamata akagwedeza ndodo, kunsi kwake kunkaoneka kukuyenda, koma chitsulo chachitalicho chinkachedwa kuyankha. Nacho chikayenda, mfundo yake ya kutsogolo inkayamba yasewera kaye isanasunthe selekita, kachitsulo kotulukira m'giyabokosi. Bamboyo anagwira selekitayo ndi pulayala n'kuikankha okha. Inalowa ndi kaphokoso komveka bwino, kha, n'kutuluka chimodzimodzi.

"Mwamva? Giyabokosi yakufa siyankha chonchi."

Atamasula bawuti ya kunsi kwa ndodo, m'dzanja mwawo munagwera tizidutswa tachikasu touma, tofumbutuka akatifinya. Amenewo anali mabushi, timapaipi ta pulasitiki timene timakhala pakati pa bawuti ndi bowo kuti chitsulo chisadyane ndi chitsulo chinzake. Bawutiyo inali itadyeka pakati mpaka kuchita chiuno, ndipo bowo lake, lobadwa lozungulira, linali litatalika mbali imodzi. Kumfundo ya kutsogolo mabushi ake anali a labala, ndipo anali atafufuma n'kufewa chifukwa oyilo wodontha pasilo ya selekita ankawanyowetsa tsiku ndi tsiku. Pamenepo panalinso waya wokulungidwa ndi legeni, wakuda bii, umboni wakuti wina kalekale anakumanapo ndi vutoli panjira n'kulimanga kuti akafike.

Ndinadabwa kuti kusewera kochepa chonchi kungabale kugwedera konse kuja. Bamboyo anandionetsa pandodo yomweyo. Imazungulira pakampira kamene kali pafupi ndi tsinde, moti mbali ya kumwamba ndi yaitali kangapo kuposa ya kunsi. Ikakhala yaitali kasanu, mamilimita 2 osewera kunsi amasanduka 10 padzanja. Mfundo zosewera zikakhala zitatu kapena zinayi, iliyonse ikuwonjezera zake, dzanja limayenda ulendo wautali giyabokosi isanamve kalikonse. Ndipo zimene zimadya mabushi ndi zimene kuno tili nazo zambiri. M'chilimwe fumbi limasakanikirana ndi girizi n'kumapala pulasitiki nthawi iliyonse ndodo ikasuntha. M'dzinja matope amalowa m'mfundo n'kuumiramo. Kutentha kwa ekizozi pokwera mapiri kumaumitsa pulasitiki mpaka kusweka. Kuwonjezera apo, anapezanso kuti mauntingi ya kumbuyo kwa injini inali itang'ambika, moti ndikasiya moto injini inkagwadira mbali imodzi n'kukoka chitsulo chija. Kudumpha kwa giya thu kunkachokera pamenepo.

Pa Boma pano palibe sitolo yosunga mabushi a galimoto ya zaka zoposa 25. Masiku ano umajambula chinthucho n'kutumiza pa WhatsApp kwa ogulitsa masipeyala ku Blantyre kapena ku Limbe, kulipira pa Airtel Money kapena Mpamba, katundu n'kubwera ndi dalaivala wa minibasi. Silo ndi mauntingi zinapezeka mwanjira imeneyi. Mabushi sanapezeke. Bamboyo anayeza mabowo, anasankha mabawuti atsopano osalala pakati, n'kulemba miyeso pakapepala kuti munthu wina wa makina osemera zitsulo ku Blantyre akaseme mabushi a nayiloni. Bowo lotalika lija analikuza ndi dirilo kuti libwerere kukhala lozungulira, bushi yake n'kuyezedwa molingana ndi kukula kwatsopanoko. Podikira, anadula paipi ya mafuta yolimba, n'kuikhomera m'mabowomo kuti galimoto iziyendako maulendo a pafupi, ndipo anandichenjeza kuti ku Dambe ndisapite nayo.

Luso lopanga chinthu ndi zimene zilipo ndimalilemekeza kwambiri. Popanda ilo theka la magalimoto a m'boma muno bwenzi ataima. Amene anamanga waya ndi legeni uja anachita bwino tsiku limenelo, chifukwa anafikitsa anthu kwawo. Chimene chimandipweteka n'chakuti chomangira tsiku limodzi chimatha zaka, popeza galimoto ikuyenda ndipo ndalama ili ndi kolowera kwina. Ndaonaponso wina atawotcherera mfundo yonse kuti isasewerenso. Ndodo inalimbadi, koma injini imagwedezeka mwachibadwa, ndipo mfundo ija inaikidwa kuti izilolera kugwedezekako. Pasanapite nthawi chitsulo chinathyoka pafupi ndi powotchererapo, galimoto n'kutsala mu giya imodzi pakati panjira. Mmisiri weniweni amadziwa kuti apa n'pofunika kulimba, apa n'pofunika kufewa, ndipo amakuuza poyera kuti ichi ndakukonzera ndi cha sabata zochepa.

Mabushi atabwera, ntchito yoikamo sinatenge nthawi, koma munali tizinthu timene wopupuluma akanatiphonya. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Asanamasule kilampu yogwira chitsulo chachitali, bamboyo anakanda mzere ndi msomali podutsa mbali zonse ziwiri, kuti pobwezeretsa adziwe pamene zinali. Kilampu imeneyi ikasuntha pang'ono chabe, mzere wonse wa magiya umasuntha nawo, ukhoza kupeza wani ndi thu koma faifi ndi rivesi osazionanso. Anatsuka mfundo zonse ndi parafini, n'kupaka girizi wochepa kwambiri, m'kati mokha, wotuluka kunja n'kumupukuta kuti asaitane fumbi. Mabawuti sanawamange mpaka kufinya, anawasiya poti mfundo izitembenuka momasuka koma osasewera, ndipo anaika manati aja okhala ndi pulasitiki m'kati, osamasuka okha ndi mabampu. Kalabala kophimba selekita kanali kong'ambika, ndipo anasoka kena kuchokera ku chubu. Pomaliza anaika giyabokosi pa fuli, mnyamata n'kugwira ndodo chilili pakati pa fili ndi folo, pamene imayenera kupumira yokha, iwo n'kumanga kilampu. Anayesa magiya onse injini ili yozima, n'kuyesanso italira, kenako tinakwera limodzi kukayesa pachitunda.

Dzanja langa linachita kuphunziranso. Linkapitirira pamene giya ili, likufuna ulendo wautali uja, ndodo n'kuliimitsa panjira. Giya iliyonse inkalowa ndi kaphokoso kaja ndinakamva kunsi kwa galimoto, ndipo tsopano kankamvekera m'chikhatho. Ndalama yonse, kuphatikizapo silo, mauntingi, osema mabushi, dalaivala wa minibasi ndi thukuta la amakaniko, inali kachigawo kochepa ka mtengo umene anandiuza wa giyabokosi yogwiritsidwa kale ntchito.

Komabe giya thu inatsala ndi kachilema. Ndikaitsitsa mofulumira kuchokera ku fili imakukutabe pang'ono. Bamboyo anati zimenezo mabushi sangachize. Ndodo ikakhala yogwedera, foloko sikankha giya mpaka kumapeto, mano amalumana theka, nsonga zake n'kumaperepeseka, ndipo sinkiro imagwira ntchito yoposa muyeso wake chifukwa dzanja limaikakamiza mokhota. Choncho anzanga aja amene ankati giyabokosi yatha sankalosera zabodza, ankangofulumira. Ndodo yogwedera ikasiyidwa nthawi yaitali imaiphadi giyabokosi. Anandiphunzitsa kuponda kilachi kawiri monga ankachitira madalaivala a malole akale: kuponda, kuika pa fuli, kusiya kilachi, kupatsa moto pang'ono, kupondanso, kenako kulowetsa thu. Ukatero mano amakumana ali pa liwiro lofanana ndipo giya imalowa mwakachetechete. Anati ndikamatero, n'kusinthanso oyilo wa m'giyabokosi pa nthawi yake, idzanditumikira zaka zambiri.

Chimene chikundidetsa nkhawa tsopano si galimoto yangayi. Magalimoto ambiri amene akulowa m'dziko muno kuchokera ku Japan, kudzera ku Dar es Salaam kapena ku Durban, ndi a otomatiki, chifukwa kumeneko magalimoto ang'onoang'ono a giya ya pamanja anachepa kalekale. Sienta, Vitz, Passo ndi anzawo afika mpaka kuno kumapiri. Sindiwanyoza, apeputsa maulendo a anthu ambiri. Koma batire ikafooka ku Nsambe, galimoto ya giya ya pamanja anyamata amaikankha n'kulira pa giya thu, pamene ya otomatiki imadikira batire ina. Ndakwerapo ndi madalaivala achinyamata amene amatsika mtsetse wonse ali pa D, phazi lili pabuleki mpaka fungo kumveka, osadziwa kuti zilembo zina zili pandodo yawoyo, kaya ndi L, 2, S kapena B, zinaikidwira malo ngati amenewa. Ndikawauza ena amathokoza, ena amaseka.

Nawo anyamata ophunzira umakaniko ambiri akuthamangira kukonza njinga zamoto za kabaza, ndipo sindingawadzudzule, chifukwa kumeneko n'kumene kuli ndalama ya tsiku ndi tsiku. Bambo uja anandiuza kuti kale ankakhala ndi ophunzira angapo nthawi imodzi, lero watsala ndi mmodzi. Luso lomvetsera galimoto usanaimasule, losiyanitsa kilachi ndi sinkiro ndi bushi pongogwedeza ndodo ndi zala ziwiri, sililembedwa pakhoma la galaja. Limachoka m'dzanja kulowa m'dzanja, munthu atagona pakatoni pambali pa mnzake. Ma pikapu ndi malole onyamula mbatatesi, tirigu ndi manachesi kuchoka m'mapiri muno ndi a giya ya pamanja, ndipo ambiri ndi akale. Adzafunabe munthu wodziwa zimenezi kwa zaka zambiri zikubwerazi. Ndikanakonda akuluakulu oona za maphunziro a ntchito zamanja, monga a TEVETA, akanamafufuza amisiri ngati amenewa m'maboma akutali n'kuwatumizira achinyamata adakali ndi mphamvu zophunzitsa.

Osema mabushi uja anatumiza owonjezera, poti nayiloni inatsalako. Ndinawasiya kwa bamboyo, chifukwa anandiuza kuti pali galimoto ina ya mtundu ngati wanga, ya mayi wina wogulitsa tomato, imene inali itakhala pamiyala chichokereni dzinja chifukwa eni ake anauzidwa kuti giyabokosi inatha. Anapita kukaiona ndi mnyamata wawo uja, ndipo ulendo uno wolowa pansi n'kutchula vuto anali mnyamatayo. Anapeza kuti bawuti ya kunsi kwa ndodo inagwa n'kutayika. Anaikamo ina ndi mabushi otsalawo, n'kubwereka batire, ndipo galimotoyo yayambiranso kupita kumsika wa ku Mwanza.